Munda ndinaugoneka zaka ziwiri, nanga kaufiti wachokeranso kuti?

Funso: Ndili ndi munda wa ekala imodzi ndi theka kuno ku Kasungu, dothi lake ndi lamchenga. Kaufiti atandivuta ndinaugoneka zaka ziwiri, unangomera thengo. Chaka chino ndabzalamonso chimanga, koma kaufiti wamera kuposa kale, munda wonse uli psuu. Chondidabwitsa n'chakuti kudimba, kumene ndimabzala mbewu yomweyi m'mwezi wa Juni, sindinamuonepo, ndiponso chaka chimene kunagwa mvula yambiri anachepa. Kodi chimene chimameretsa kaufiti n'chiyani, ndipo ndichite bwanji? (Bambo wina wa ku Kasungu)

Yankho:

Zikomo bambo, mwaonetsetsa bwino. Zitatu zonse mwatchulazi, za munda wogoneka, za kudimba ndi za chaka cha mvula yambiri, gwero lake ndi limodzi: njere ya kaufiti simera ndi mvula yokha. Chisoso ndi bonongwe njere zake zikakhala chapamwamba, zanyowa, zaona kuwala, zimamera, inu n'kupalira, nkhani yatha. Kaufiti sangakhale moyo popanda kuyamwa pa muzu wa mbewu ina, choncho njere yake imakhala chete m'dothi mpaka itazindikira kuti muzu woti iyamwepo wafika pafupi. Izi zisanachitike pali zinthu zina ziwiri zimene ziyenera kuyamba zachitika, ndipo zonse zimadalira kutentha, chinyontho ndi chonde cha nthaka yanu.

Kaufiti wa maluwa ofiira amene mukunenayu akatswiri amamutcha Striga asiatica. Amayamwa chimanga, mapira, mawere, mpunga wakumtunda, nzimbe komanso mitundu yambiri ya udzu wakutchire. Njere yake ndi yaing'ono kwambiri, kutalika kwake sikufika ndi theka la milimita lomwe. Mukafikisa kathumba kouma ka njerezi pachikhatho mumangoona kafumbi kabulauni ngati fodya wamphuno. Tsinde limodzi lokula bwino limabala njere 50,000 kapena kuposa. Kuti muone kukula kwa nambala imeneyi: mukabzala chimanga chimodzichimodzi pa masentimita 25, mizere italikirane masentimita 75, hekitala yonse imalowa mapesi pafupifupi 53,000. Ndiye kuti kaufiti mmodzi amene mwamusiya kumapeto kwa munda wabala njere zokwanira pafupifupi phesi lililonse la hekitala yathunthu. Njerezi zimatha kukhala zamoyo m'dothi zaka zoposa 10.

Kuchepa kwa njereku ndiko kumalamula khalidwe lake lonse. Chakudya chimene ili nacho m'kati n'chongokwanira kutulutsa kamuzu ka mamilimita awiri, atatu kapena anayi, n'kukhala moyo masiku ochepa, kawirikawiri osapitirira sabata imodzi. Ikamera popanda muzu wa chimanga pambali pake, yafa. N'chifukwa chake siithamangira kumera.

Choyamba ndi kupuma. Njere ikangoyoyoka m'miyezi ya Malichi, Epulo kapena Meyi imakhala isanakonzeke, ndipo ngakhale muyiike pamuzu weniweni wa chimanga m'dothi lonyowa, zambiri sizimera. Imafunika miyezi ingapo ili youma, ndipo kukamatentha nthawi yopumayi imafupika. Nyengo yathu imaikomera kwambiri: imagwa pansi mvula ikutha, imadutsa m'chisanu cha Juni ndi Julayi, kenako dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limaimalizitsa. Pofika Novembala yakonzeka.

Chachiwiri ndi kunyowa kuli kofunda. Mvula yoyamba ikagwa njere imamwa madzi, koma siimva kanthu nthawi yomweyo. Iyenera kukhala m'dothi lachinyontho ndi lofunda kwa sabata imodzi mpaka atatu kuti iyambe kutha kuzindikira muzu. Kutentha kumene imakonda ndi madigiri 25 mpaka 35, ndipo kumera kwenikweniko kumayenda bwino cha m'ma 30 mpaka 35. Dothi likazizira kufika pansi pa madigiri 20 zonsezi zimachedwa kwambiri ndipo zomera zimakhala zochepa. Kuwala sikufunika n'komwe, ndiye kukwirira njere ya kaufiti sikuiletsa kumera monga zimakhalira ndi bonongwe. Pali zinanso ziwiri zofunika kudziwa pamenepa. Dothi likaumanso njere isanamere, monga zimachitikira chizimalupsa chikagwa kenako n'kubwera ng'amba, njereyo siifa. Imangobwerera m'tulo n'kudzayambiranso mvula ikabwera. Komanso ikakhala yonyowa milungu yambiri popanda muzu wofika pafupi, imayamba kugontha, osamvanso muzu ngakhale utafika, mpaka itadzaumanso. Choncho nthawi imene njere imakhala tcheru kwambiri ndi yochepa: kuyambira sabata yachiwiri mvula yeniyeni itayamba mpaka milungu ingapo yotsatira, nthawi yomweyo imene mizu ya chimanga chanu chanthete ikuyanga m'mzere.

Chachitatu ndi mankhwala amene muzu umatulutsa. Mizu ya mbewu zambiri imatulutsira m'dothi timankhwala tochepa zedi totchedwa strigolactone. Woyamba wa gulu limeneli, strigol, anamupeza mu 1966 ku America, ndipo anamupeza m'mizu ya thonje, mbewu imene kaufiti sayamwa n'komwe. Mfundo imeneyi muisunge, tiibwereranso. Njere yokonzeka ikakhudzidwa ndi mankhwalawa imamera pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Ofufuza amaziona ndi maso: amaika njere pa pepala lonyowa mumdima, pa madigiri 30, kwa masiku 10 mpaka 14, kenako amadonthezapo mankhwala opanga otchedwa GR24 kapena madzi amene munali mizu ya chimanga, m'mawa mwake timizu tatuluka. Njere zimene sanayambe azinyowetsa masiku amenewo sizimera ngakhale azithire mankhwala omwewo. M'munda mankhwalawa sayenda patali ndipo sachedwa kuwonongeka m'dothi lonyowa, choncho zomera ndi njere zokhazo zili mamilimita ochepa kuchokera pa muzu. Zotsala zonse, zimene ndi zambiri, zimadikira chaka china.

Kamuzu ka kaufiti kakakhudza muzu wa chimanga, nsonga yake imafufuma n'kukhala kamfundo, kamaboola muzuwo n'kulumikizana ndi timitsempha tonyamula madzi. Kuyambira pamenepo kaufiti amakula pansi pa nthaka kwa milungu inayi mpaka isanu ndi iwiri osaoneka, ndipo kuononga kwakukulu kumachitika nthawi imeneyi. Samangoba madzi ndi chakudya. Amasokonezanso kakulidwe ka chimanga, chimapinimbira, mfundo zake zimayandikana, masamba amachita mawanga achikasu ndipo amafota masana ngati kuli ng'amba pomwe dothi lili lonyowa. Mukafuna kutsimikiza, pakatha milungu inayi kapena isanu chimanga chitamera kumbani phesi limodzi lopinimbira ndi dothi lake, osalizula mokoka, muliviike m'beseni la madzi n'kutsuka mizu pang'onopang'ono. Mudzaona timphukira toyera, tonenepa, ta timamba ting'onoting'ono, titamatirira pa mizu, tina tating'ono ngati njere ya mpunga, tina totalika ngati chala. Ameneyo ndiye kaufiti asanatuluke. Pamene mukuona maluwa ofiira mu Febuluwale, zokolola zambiri zinapita kale.

Chifukwa chake amakonda nthaka yoguga

Apa ndi pamene pagona nkhani ya munda wanu. Munthu angafunse kuti nanga chimanga chimatulutsiranji mankhwala oti adzutse mdani wake. Yankho linadziwika mu 2005 pamene ofufuza a ku Japan anaonetsa kuti strigolactone ndi chizindikiro chimene muzu umatumizira nkhungu zina zabwino za m'dothi. Nkhunguzi zimalowa m'mizu, ulusi wake n'kufalikira kutali kumene muzu sungafike, n'kumabweretsera mbewu fosifolasi ndi michere ina posinthana ndi shuga. Mbewu yokhuta siizifuna kwenikweni, ndiye imatulutsa mankhwalawa pang'ono. Mbewu imene ikusowa fosifolasi kapena nayitrojeni imatulutsa ambiri, ndipo kaufiti amangopezerapo mwayi. Ndiye kuti m'minda iwiri yokhala ndi njere zofanana, m'munda woguga mudzamera kaufiti wambiri kuposa wachonde, chifukwa chimanga chanjala ndicho chikudzutsa njerezo. Kenako kaufitiyo amachepetsa zokolola, mapesi obwerera m'nthaka amachepa, ndalama ya feteleza imasowa, nthaka imagugiratu, chaka chamawa kaufiti amachulukanso.

Dothi lamchenga limawonjezera vutoli m'njira zitatu. Limatentha msanga dzuwa likawala. Silisunga michere, mvula ikagwa nayitrojeni amatsikira pansi. Komanso lilibe zowolerana zambiri, pomwe m'dothi la manyowa muli tizilombo ndi nkhungu zimene zimawoletsa njere za kaufiti zikanyowa. M'makande ndi m'katondo wachonde kaufiti amapezeka, koma sachita ukali ngati pamchenga woguga wa m'zigwa za Kasungu, Lilongwe ndi Mchinji.

Feteleza wa nayitrojeni, makamaka yuriya, ali ndi ntchito inanso: akachuluka pafupi ndi njere amachepetsa kumera kwake ndi kukula kwa kamuzu kake. Koma musayembekezere kuti feteleza aphe njere zimene zili m'munda. Iye amangochepetsa zodzuka chaka chimenecho ndi kulimbitsa chimanga kuti chipirire.

Tsopano za munda wogonekawo. Zaka ziwiri n'zochepa kwa njere yokhala zaka zoposa 10, ndipo popanda muzu woidzutsa imangokhala. Choipa kwambiri n'chakuti thengo limene linameralo linali la udzu, ndipo udzu wambiri wakutchire kaufitiyu amayamwapo. M'tsala amamera wamfupi, wobisika mu udzu, palibe womuzula, amachita maluwa n'kuyoyola njere mwakachetechete. Mwina munda munaubwerera uli ndi njere zambiri kuposa mmene munausiyira. Ngati munaotcha thengolo moto unangopsereza zapamwamba, za m'dothi sizinamve kanthu, ndipo zinyalala zimene zikanawolerana zinapita ndi utsi. Pogalauza ndi kuunga mizere munasakaniza njerezo m'dothi lonse limene mizu imayendamo. Kugoneka munda kumathandiza pa kaufiti pokhapokha ngati mwabzalamo mbewu za mtundu wa nyemba kapena mitengo yobwezeretsa chonde, osati kuusiyira udzu.

Za kudimba n'zosavuta. Mu Juni ndi Julayi dothi la kudambo limakhala lozizira, lonyowa nthawi zonse, ndiponso lachonde kuposa lakumtunda. Kuzizira kumachedwetsa kukonzeka kwa njere, kunyowa kosalekeza kumaigonthetsa ndi kuiwoletsa, chonde chimachititsa chimanga kutulutsa mankhwala ochepa. Chaka cha mvula yambiri chimachita zofananazo kumtunda: mitambo imaziziritsa dothi, madzi amasukulutsa ndi kukokolola mankhwala a kumizu asanafike pa njere, ndipo njere zambiri zimagontha. Chaka chimene kaufiti amasangalala ndi cha mvula yodukizadukiza, yogwa masiku awiri kenako dzuwa lamphamvu, dothi lili lofunda ndi lachinyontho koma losakhuta madzi. Chaka choterocho chimanga chimakhalanso chofooka kale ndi ludzu. Koma musanamizike ndi chaka cha mvula: njere zambiri zimene sizinamere zikadalimo.

Zoyenera kuchita

Njira yamphamvu kwambiri imene mlimi ali nayo m'manja ikuchokera pa thonje lija. Pali mbewu zimene mizu yake imatulutsa mankhwala odzutsa njere za kaufiti wofiira, koma kaufitiyo sangathe kuyamwapo. Njere imamera, imasowa pogwira, imafa pasanathe sabata. Mbewu zotere ndi thonje, soya, mtedza, nandolo, khobwe, mpendadzuwa ndi kalongonda. Chaka chilichonse chimene mwabzala imodzi mwa izi mukuchepetsa njere m'dothi popanda kuwonjezera zatsopano, ndipo za mtundu wa nyembazo zimasiyanso nayitrojeni. Zimene zimalakwika n'zitatu. Ena amabzala motalikana, mizu osadzaza dothi, ndiye njere zodzuka zimakhala zochepa. Bzalani mothithikana, soya ndi mtedza mizere iwiri pamwamba pa mzere umodzi. Ena amalekerera udzu ndi chimanga chomera chokha m'munda wa soya, kaufiti n'kupeza poyamwa. Palirani mwaukhondo ngati kuti ndi fodya. Ndipo ambiri amasintha chaka chimodzi chokha n'kubwerera ku chimanga, kaufiti akamera amati njirayi ndi yabodza. Chaka chimodzi chimangodzutsa gawo la njere. Pamunda wofiira ngati wanuwu pamafunika zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana. Mitundu ya soya imasiyananso mphamvu yodzutsira njerezi, ndiye funsani alangizi a zaulimi a kwanuko mtundu umene ukuchita bwino.

Chenjezo limodzi lalikulu: pali kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amayamwa khobwe, soya, mtedza ndi nyemba, ndipo m'Malawi muno alimo. Njere zake zimadzuka mofanana ndi za wofiirayu, kungoti iye amadikira mizu ya nyemba. Mukamuona m'munda wa soya kapena khobwe, musabwereze mbewu zimenezo pamenepo. Sinthani ndi thonje, mpendadzuwa kapena nandolo, ndipo muzimuzula asanabale.

Ekala imodzi ndi theka yanuyo muigawe patatu, theka la ekala chigawo chilichonse. Chigawo chimene kaufiti ali wochepa mubzale chimanga, ndipo feteleza ndi manyowa onse amene muli nawo apite pamenepo. Chigawo chachiwiri soya kapena mtedza, chachitatu nandolo wosakaniza ndi mtedza. Muzizungulira chaka ndi chaka kuti chigawo chilichonse chizikhala zaka ziwiri chopanda chimanga. Alimi ambiri zimawavuta kuchepetsa malo a chimanga, n'zomveka, nsima ndiyo chakudya. Koma theka la ekala lodyetsedwa bwino nthawi zambiri limatulutsa kuposa ekala ndi theka yogawana thumba limodzi la feteleza ndi kaufiti.

Pa feteleza, nthawi yothira ndi yofunika mofanana ndi muyeso. Popeza njere zimadzuka m'milungu yoyambirira, chimanga chisamve njala nthawi imeneyo. Wokulitsa, amene ali ndi fosifolasi, alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, osadikira kuti mumalize kupalira. Wobereketsa alowe patatha milungu itatu chitamera. Muyeso umene wakhala ukulangizidwa pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala, kutanthauza matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a yuriya, a makilogalamu 50 lililonse. Pa theka la ekala ndi pafupifupi makilogalamu 20 a wokulitsa ndi 30 a yuriya. Kulakwitsa kofala ndi kudumpha wokulitsa n'kudzathira yuriya yekha chimanga chili m'mawondo. Pamenepo kaufiti wagwira kale, ndipo gawo la feteleza wanuyo mukudyetsa iyeyo. Pamchenga ndi bwino kuthira yuriya kawiri pang'onopang'ono kusiyana ndi kamodzi, chifukwa amakokoloka.

Manyowa amathandiza kawiri: amadyetsa chimanga, amadyetsanso tizilombo towoletsa njere. Athireni m'mapando kapena m'khwawa musanaunge mzere, pamene mizu idzadutse. Koma akhale owolerana bwino. Ng'ombe ndi mbuzi zikadya m'munda wa kaufiti mutakolola, njere zina zimatuluka m'ndowe zili zamoyo, ndipo ndowe zosawola zimatha kubweretsa kaufiti m'munda umene munalibe.

Kuphimbira nthaka ndi mapesi, monga achitira a ulimi wa mleranthaka, kumaziziritsa dothi lapamwamba ndi kusunga chinyontho mosadukiza, zonse ziwiri zosamukomera kaufiti. Kusatembenuza dothi kumasiyanso njere zatsopano pamwamba, pamene dzuwa, nyerere ndi kuwola zimazichepetsa msanga kusiyana ndi zokwiririka pansi. Mapesiwo akhale a m'munda womwewo kapena a m'munda wopanda kaufiti. A m'munda wofiira amanyamula njere. Kumbukiraninso kuti mapesi ouma akamawola amayamba abwereka nayitrojeni wa m'dothi, ndiye chaka choyamba chophimbira musachepetse feteleza, apo ayi chimanga chichita chikasu n'kudzutsa kaufiti yemweyo. Kubzala khobwe, mtedza kapena maungu pakati pa chimanga kumagwira ntchito yofananayo ndi mthunzi wake. Kaufiti akatuluka amakoka madzi ku chimanga potaya nthunzi yambiri m'masamba ake, ndipo pamthunzi pachinyezi mphamvu yokokayo imachepa, amakula monyentchera.

Nanga tsiku lobzala? Anthu ena amati kuchedwa kubzala kumachepetsa kaufiti, ndipo n'zoona ndithu, chifukwa njere zimakhala zitayamba kugontha. Koma kwathu kuno kumene mvula imagwa nyengo imodzi, chimene mungapulumutse kwa kaufiti mudzachitaya chifukwa chochedwa. Bzalani ndi mvula yoyamba yobzalira. Masiku oyamba njere za kaufiti zimakhala zisanakonzeke, chimanga chimayamba chakhazikika, ndipo chimanga chogwidwa chitakulako chimapirira kuposa chogwidwa chikungomera. 

Kuzula sikupulumutsa chimanga cha chaka chino, ndipo n'chifukwa chake ambiri amagwa ulesi. Ntchito yake ndi kuletsa njere zatsopano, ndipo popanda iko zina zonsezi zimangopita pachabe. Kaufiti amatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu mutabzala, nthawi imene ambiri abandira kale n'kupachika makasu. Patatha milungu itatu kapena inayi amachita maluwa, ndipo milungu iwiri kapena itatu kuchokera pamenepo njere zoyamba zakhwima. Nthawi yabwino yozula ndi pamene maluwa oyamba angoyamba kuoneka: amaoneka patali, tsinde lalimba ndipo limazuka lonse. Mukazula ali wanthete amaduka n'kuphukiranso. Bwerezani milungu iwiri iliyonse, chifukwa samera tsiku limodzi, ndipo musaleke chimanga chikauma. Mu Epulo ndi Meyi, ngakhale mutasanja mikukwe, pitani mukaone, ambiri amabala nthawi imeneyo. Wozulidwayo musamutaye m'khwawa kapena m'malire, chifukwa wamaluwa amatha kukhwimitsa njere ali chozulidwa. Muikeni m'thumba pomwepo, mukamuumitse pamalo amodzi n'kumuotcha, kapena mumukwirire m'dzenje lakuya losadzalimidwapo. Ngati timatumba ta njere tayamba kuda ndi kung'ambika, zulani m'mawa kukadali mame kuti zisauluke. Yambani ndi mbali za munda zimene ali wochepa, kuti zisafike pofiira, kenako muzilowera kumene wachuluka.

Pali njira zina ziwiri zimene mungamve. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linakonza njira yobzala chomera cha mtundu wa nyemba chotchedwa desmodium pakati pa mizere ya chimanga. Mizu yake imadzutsa njere za kaufiti komanso imatulutsa mankhwala ena olepheretsa kamuzu kake kukula ndi kugwira, ndipo popeza chimakhala zaka zambiri chimagwira ntchitoyi chaka ndi chaka, masamba ake n'kumadyetsa ziweto. Vuto lake ndi kupeza mbewu, komanso chaka choyamba chimakula pang'onopang'ono ndipo chimafuna kupalira mosamala. Inayo ndi mbewu ya chimanga yopakidwa mankhwala a imazapyr, imene bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT linathandiza kupanga. Mankhwalawo amapha kaufiti pamene akugwira muzu m'milungu yoyamba. Amagwira pa mitundu yokhayo ya chimanga yopangidwira zimenezo, chimanga wamba chimafa nawo; musaike nyemba m'phando lomwelo, sambani m'manja musanagwire mbewu ina, ndipo pamchenga mvula ikachuluka mankhwalawo amakokoloka msanga.

Kuti muone kuti kudzutsa njere popanda poyamwa ndi njira yeniyeni, kaufiti yemweyu anapezeka ku America mu 1956, m'minda ya chimanga ya ku North Carolina ndi South Carolina, ndipo anafalikira pa mahekitala oposa 150,000. Chimodzi mwa zida zimene anamuchepetsera kwambiri ndi mpweya wa ethylene, umene ankaupopera m'dothi ndi mathirakitala nthawi imene njere zakonzeka koma m'munda mulibe chimanga. Njere zinkamera n'kufa. Anaphatikiza ndi kuletsa kutulutsa dothi, zida ndi zokolola m'madera ogwidwawo popanda kuyeretsa, ndi kupha kaufiti aliyense asanabale. Ngakhale ndi ndalama za boma ndi makina, ntchitoyi inatenga zaka makumi angapo. Ethylene ife sitingamukwanitse, koma soya ndi thonje zikuchita ntchito yomweyo pang'onopang'ono.

Mbali ya kuletsa kufalikayo ndi yotheka kwa aliyense. Gogodani ndi kutsuka makasu ndi pulawo musanachoke m'munda wofiira, ndipo muzimalizira kulima kumeneko osati kuyambira. Chimanga chambewu musachiunjike pansi m'munda wa kaufiti pokolola, chifukwa kafumbi kaja kamamatirira ku makoko ndi ku njere. Madzi othamanga amanyamulanso njere kuchokera kumtunda, choncho akalozera ndi mizere yotseka m'makwawa zimathandiza, ndipo kambiranani ndi eni minda yoyandikana nanu, makamaka yakumtunda kwanu, kuti muzizula nyengo imodzi. Kudimba kwanuko muzikuyang'ananso mukabzala chimanga cha mu Ogasiti kapena Seputembala, makamaka m'mphepete mouma chakumtunda: pamenepo dothi limakhala litafunda, ndipo njere zobwera ndi khasu kapena ndowe zikhoza kumera.

Pa chigawo chimene mudzabwezerepo chimanga patatha zaka ziwiri za nyemba, kaufiti adzatulukabe, musadabwe. Chimene muyang'ane ndi kuchuluka kwake ndi nthawi imene watulukira. Sankhani mizere itatu, muyese mamita 10 pa mzere uliwonse, muwerenge kaufiti musanazule, mulembe m'kope, ndipo muzibwereza pamalo omwewo chaka chilichonse chimene pali chimanga. Akamachepa ndi kutuluka mochedwa, chimanga chitamasula kale, pitirizani kasinthasinthayo momwemo. Nambala ikapanda kutsika, onjezerani chaka chachitatu cha nyemba pa chigawo chimenecho, ndipo muyang'ane udzu wa m'malire ndi pa akalozera, chifukwa kawirikawiri njere zatsopano zimakhala zikuchokera kumeneko.